Ndinaliza Nyimbo, Ndinaliza Mwana

Abale anga a Loweruka m'mawa, mtendere ukhale nanu nonse, ngakhale inu amene mwakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko kuti muthawe msanga. Ndakuonani. Nanenso ndinayambira pa benchi lomwelo.

Abusa anandiuza kuti ndilembe papepala, chifukwa akuti ine ndikagwira maikolofoni sindibweza. Ndiye ndalemba. Sukulu ndinalekezera giredi sikisi kwathu ku Katete, choncho mukamva liwu lina likutsimphina, ligwireni dzanja liwoloke msewu.

Dzina langa ndine Laitoni Tembo. Kuno ku Kabwata ambiri amanditchula ba Volyumu. Ndine dijeyi, woliza nyimbo pa maukwati ndi pa maphwando, wokalamba kuposa madijeyi onse amene munawaonapo. Ndinenso chidakwa chimene chatha chaka ndi miyezi itatu osalawa. Musaombe m'manja. Simunamve zimene ndinachita.

Ndinayamba kale, nthawi ya malekodi. Kenako makaseti, aja tinkabweza tepi ndi pensulo. Kenako masidi. Palibe holo ya ku Libala kapena kuno ku Kabwata imene sindinagwedeze malata ake. Vuto la ntchito yathu ndi limodzi: dijeyi sagula mowa. Amangomuikira pambali pa sipika. Munthu akafuna kuti nyimbo yake ilire kawiri, botolo. Akafuna kuti ya mnzake isalire, botolo. Ine ndinali munthu waulemu, sindinkakana mphatso.

Mkazi wanga, amake Esinati, ankagulitsa zitenje ku Kamwala, ndipo ndiye ankagwira nyumba. Atamwalira, botolo linasamuka. Linachoka pambali pa sipika n'kulowa m'kati mwa sipika. Ndinamasula thabwa la kumbuyo, ndinapanga kabati yanga mmenemo. Ena a inu muli ndi yanu: m'thanki ya chimbudzi, pansi pa mpando wa galimoto, m'thumba la makala. Musayang'anane. Sindinatchule dzina la munthu.

Nthawi yomweyo anyamata a malaputopu anayamba kutilanda ntchito. Nanenso ndinagula laputopu yakale m'tauni, ndipo a pa shopu anandiikira pulogalamu ya madijeyi, yaulere, yosaba, imene aliyense angatenge pa intaneti. Ukaitsegula pamaoneka mbale ziwiri zozungulira, ya kumanzere ndi ya kumanja, ndipo pakati pali kabatani kotsetsereka. Ukakakankhira kumanzere, anthu amamva nyimbo ya kumanzere. Ukakakankhira kumanja, amamva ya kumanja. Panali mabatani enanso ambirimbiri, koma ine ndinati ndakalamba ndi ntchitoyi, kompyuta singandiphunzitse. Ndinaphunzira chinthu chimodzi basi: kukoka nyimbo, kuiponya pa mbale, kudina.

Masidi anga onse ndinawathira mu laputopu. Koma sidi ukaithira mu kompyuta osalemba maina, nyimbo yoyamba imadzitcha Thiraki Wani, yachiwiri Thiraki Thu. Sidi iliyonse chimodzimodzi. Ndinali ndi a Thiraki Wani odzaza basi ya ku Chelstone. Ndinkawadziwa ndi malo okhala: uyu wachitatu kuchokera pamwamba ndi wa rumba, uyu wapansi ndi wa kalindula. Mahedifoni ndinagulitsa tsiku lina ludzu litakula. Dijeyi wogulitsa mahedifoni ali ngati wophika wogulitsa lilime, koma tsikulo ndinaona ngati ndachita malonda abwino.

Tsopano ndifike pa Esinati. Ndi mwana wanga mmodzi yekha. Anaphunzira ndi ndalama za zitenje, amagwira ntchito mu ofesi ku Longacres. Anapeza mwamuna, Mwape, mnyamata wofatsa wa ku Woodlands, wa banja la Aseventi. Anthu amenewo ngakhale tiyi amamuyang'ana ndi diso lokayika. Ukwati unali Lamlungu masana, mu holo ku Woodlands komweko, zakumwa zake madzi ndi juwisi.

Esinati anabwera kunyumba kudzandiuza kuti apeza dijeyi wina.

“Ba dadi, imwe munkale chabe pa tebulo yapamwamba, muvale suti, mupumule.”

Ndinakwiya. Ndinati mwana wa ba Volyumu alowe mu holo ndi nyimbo yoliza mlendo? Anthu adzati chiyani? Tinakangana mpaka anagonja. Anandipempha chinthu chimodzi.

“Tsiku imozi chabe, ba dadi. Osamwa. Imozi chabe.”

Ndinalumbira pa dzina la amayi ake. Anandipatsa fulashi yokhala ndi nyimbo yolowera, imene iye ndi anzake operekeza mkwati anayeserera kuvina masabata asanu ndi limodzi. Ndinaithira mu laputopu. Nayonso inali Thiraki Wani.

Lonjezo ndinalisunga mpaka fotini awazi, thu koloko masana. Pofika nthawi imeneyo kukhosi kunali ngati msewu wa fumbi mu Okutobala. Woyendetsa mwambo anakweza dzanja kuti akwati afika pakhomo. Ndinati mwayi ndi uwu: maso onse ali kuchitseko. Ndinakoka Thiraki Wani, ndinaponya pa mbale, ndinadina, ndinakweza volyumu, n'kuzembera kuseri kwa sipika.

Kuseri kwa sipika sumva bwino, umangomva kugunda m'thabwa. Ndinamva ngati kwaya. Mumtima ndinati, Aseventi awa, ngakhale polowa m'phwando akufuna kwaya. Ndinapendeketsa botolo. Ndinapendeketsanso. Kenako zii.

Nditatuluka ndinaona amayi ake a Mwape atagwira pulagi m'manja, ataizula kukhoma. Holo yonse inali kuyang'ana pansi. Esinati anali chiimire pakhomo mu diresi yoyera, osasuntha, mwamuna wake atamugwira pa chigongono. Anayenda mpaka ku tebulo lapamwamba popanda nyimbo, nsapato zokha zikumveka pa simenti. Atakhala, anadzukanso, anabwera pamene ndinali, anandiyang'ana kukamwa.

“Ba Dijeyi,” anatero, “pakilani katundu yanu.”

Wina anandinong'oneza panja kuti ndinaliza nyimbo ya maliro a mkazi wanga.

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa kwa mwana wanga linali ba Dijeyi. Osati ba dadi. Foni sankayankha. Tinakumana kamodzi ku Kamwala pakati pa chipwirikiti cha anthu, anandipatsa moni ngati wa kondakitala: “Muli bwanji, ba Dijeyi,” n'kupitirira. Nkhani inayenda mu Lusaka mofulumira kuposa minibasi. Palibe amene anandiitananso pa ukwati. Ndinayamba kuliza masana pa kabala kena, malipiro ake m'botolo. Nthawi ya mvula ndinagwera mu ngalande pamodzi ndi sipika, ndipo anthu anavuula sipika poyamba.

Koma chimene ndimachita nacho manyazi kwambiri si ngalande. Ndi chakuti nkhani ya ukwati ija ndinaisandutsa nthabwala. Pa bala ndinkati, “Ndinaliza ya maliro pa ukwati. Nanga ukwati si maliro a ufulu?” Anthu ankaseka, ankandigulira. Mumtima ndinkati mwanayu akukokomeza. Nyimbo imodzi yolakwika basi! Dijeyi uti sanalakwitsepo?

Patapita miyezi isanu ndi itatu chichitikire ukwati uja, Lachiwiri lina m'mawa, ndinamva kugogoda. Ndinatsegula. Anali amayi a Mwape, bana Mwape, asebele anga popeza ana athu anakwatirana, atanyamula kachikwama. Mayi ameneyu anagwira ntchito ya utaipisiti m'maofesi a ku Longacres mpaka kupuma. Ndi wamfupi, ali ndi mawondo odwala, ndipo ndi Mubemba. Inu mukudziwa kuti Abemba ndi ife a kum'mawa tili pa chimbuya: akhoza kukutukwana pakhomo pako, iwe uyenera kuseka ndi kumupatsa mpando. Ukakwiya, wagonja. Iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya anyani.

“Ati shani, imwe bakudya mbeba? Mukali moyo?”

“Ndikadali moyo, asebele. Anyani atha kodi kwanu, kuti mufike kuno?”

“Ba kolwe baliko. Umozi nine namupeza apa, anunka monga dilamu ya kachasu. Nipaseni mupando.”

Anakhala. Sanaseke. Anati Esinati ali ndi pakati, ndipo wanena kuti mwanayo sadzakhala ndi agogo ku Kabwata.

“Ine sininabwele kukupempelani,” anatero. “Mwana ali na chifukwa. Nabwela kuti mumvele vamene tinamvela ise. Seulani iyo laputopu.”

Ndinatsegula. Ataona mndandanda wa nyimbo anagwira pachifuwa.

“Mayo! Tilaki Wanu, Tilaki Wanu, Tilaki Wanu. Ba Tembo, ine zaka zonse mu ofesi sininasungepo kalata yamene ilibe zina. Imwe mwapasa bana bonse mu nyumba zina imozi, elo mudabwa kuti mwaitana olakwika?”

M'chikwama anatulutsa mahedifoni otchipa ndi kachingwe ka mphanda, kolowera kumodzi, kotulukira kuwiri. Anali atafunsa kwa anthu oyendetsa zokuzira mawu kutchalitchi kwawo, n'kulemba zonse pa kapepala, mzere ndi mzere. Nthambi imodzi ya chingwe imapita ku masipika, ina ku makutu a dijeyi. Mu pulogalamu umasankha kuti mawu agawike pawiri. Ndiye pansi pa mbale iliyonse pali kabatani kojambulidwa mahedifoni. Ukakadina, umamva nyimbo ya pa mbale imeneyo iwe wekha, anthu akuvina inayo, osadziwa kanthu.

Analoza ndi chala. “Aka kabatani kenzepo tsiku ija?”

“Kanalipo.”

“Ka mahala?”

“Kaulere.”

“Sakilani nyimbo ija.”

Sindinkadziwa kuti ndi Thiraki Wani uti. Tinayamba kuwaponya pa mbale mmodzimmodzi. Pamenepo ndi pamene ndinaona chinthu chimene chinali pamaso panga zaka zonse: nyimbo ukaiponya pa mbale, pulogalamu imajambula nkhope yake pamwamba. Nyimbo yovina imaoneka ngati mano a sowo, yothinana, yosongoka. Ngakhale munthu wa giredi sikisi angawerenge zimenezo. Tinadutsa ma sowo ambiri. Kenako inabwera ina yogona, yopyapyala, ngati njoka yowothera dzuwa, koma chapatsogolo pang'ono inali ndi chotupa.

“Ni iyo,” anatero bana Mwape. “Valani.”

Ndinavala mahedifoni.

Ndikuuzeni za nyimbo imeneyo. Sinali ya m'sitolo. Pa mwambo wa maliro a mkazi wanga, m'tchalitchi, zokuzira mawu zinali zanga, ndipo ndinajambula kwaya ndi maikolofoni yanga. Ndinaika pa sidi. Sindinaimverepo ngakhale kamodzi. Ndinkaiopa.

Mayi mmodzi anayambitsa yekha, mawu oonda. Azibambo analandira pansi. Ndinamva kukhosomola kwa anthu, benchi likulira. Ndinaona bokosi lija m'maso mwanga, ndi chitenje chobiriwira chimene anzake a ku Kamwala anayala pamwamba. Ndinati chabwino, ndi zowawa, koma ndi nyimbo basi.

Kamzere koyenda pa sikirini kanafika pa chotupa chija.

Mpando unagwa, phokoso lalikulu. Kenako mawu a mwamuna, pafupi kwambiri ndi maikolofoni, lilime lolemera ngati lanyowa m'phala: “Kwezani volyumu! Kwezani! Mkazi wanga sakumva!” N'kuseka. Kuseka kwautali, konyansa.

Ndinafuna kufunsa kuti chitsiru chimenechi ndani. Koma munthu amadziwa chifuwa chake.

Kenako mawu ena, a mtsikana, onong'ona, koma maikolofoni yanga inali yabwino, inatola zonse:

“Ba dadi, nkalani pansi. Napapata, chonde. Bantu bakuonani. Mwakolewa, ba dadi. Nkalani pansi.”

Analira pang'ono, kulira kobisa, kwa munthu amene akugwira bambo ake ndi dzanja limodzi pa maliro a mayi ake. Kwaya inapitiriza ngati sinamve.

Ine za mpando ndi kukuwa kwa tsiku la maliro sindinkakumbuka kanthu. Palibe amene anandiuzapo. Esinati anazisenza yekha zaka zonsezo, osauza ngakhale mwamuna amene ankafuna kumukwatira. Ndiye ine, pa tsiku lake, atavala zoyera, apongozi ake ali pomwepo, abwana ake a ku ofesi ali pomwepo, ndinazitulutsa pa masipika awiri akuluakulu, volyumu mpaka kumapeto, ine mwini ndili kuseri ndi botolo.

Pa Chinyanja timati kuliza nyimbo, timatinso kuliza mwana. Liwu ndi limodzi. Ine ndinachita zonse ziwiri ndi chala chimodzi.

Ndinavula mahedifoni. M'nyumba munali zii, kunja mayi wina akuitanira tomato.

“Onse anamva?” ndinafunsa.

“Na baku khichini.”

“Mpaka pati?”

“Mpaka pa ‘mwakolewa’. Soketi yenze kutali, na mendo yanga mwaiona.”

Ndinadzuka, ndinapita pa sipika, ndinachotsa thabwa, ndinatulutsa botolo. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinalitaya pomwepo ndikuimba aleluya. Bodza. Ndinaima nalo nthawi yaitali, ndipo chimene ndinkafuna chinali kumwa kuti mawu aja achoke m'makutu. Bana Mwape anangondiyang'ana.

“Ngati mufuna kumwa, imwani,” anatero. “Koma muvale mahedifoni, nibwezeko pa mupando paja.”

Ndinawapatsa botolo. Analigwira ndi zala ziwiri ngati mbewa yakufa, ndipo mukudziwa mmene Mubemba amagwirira mbewa. Anakalikhuthula pa ngalande panja.

Atabwerera anandipeza ndikufunafuna pofufutira nyimboyo. Anandimenya pa dzanja.

“Awe. Kalata yoipa nayo isungiwa. Ipaseni zina, muziziba pamene ili.”

Ndinalemba ndi chala chimodzi: MALIRO A AMAKE ESINATI, OSALIZA. Ndiyo nyimbo yoyamba mu laputopu yanga kukhala ndi dzina.

Tsopano ndinene zimene ndinachita, chifukwa ena mwabwera kudzamva zimenezo, osati za asebele anga.

Sabata yoyamba thupi linandiukira. Thukuta, kunjenjemera, kuona zinthu zoyenda pakhoma. Ndinapita kukiliniki, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinauza nesi zoona za kuchuluka kwa zimene ndinkamwa, osachotsera. Anandithandiza. Ngati mumamwa mmene ndinkamwera ine, musasiye nokha m'nyumba mutadzitsekera. Pitani akakuoneni. Kenako ndinabwera kuno, pa benchi la kuchitseko. Thabwa la sipika ndinalikhoma ndi misomali, n'kumata ndi guluu. Lero ngakhale wakuba sangatsegule.

Ndiye panali ntchito ya maina. M'mawa uliwonse ndinkavala mahedifoni n'kumvera nyimbo makumi awiri, iliyonse mpaka kumapeto, chifukwa ndinali nditaphunzira kuti chotupa chimabisala pakati. Ndikamvera, ndilembe dzina, ndiike mu foda yake: UKWATI, KHICHINI PATE, KWAYA, ANA. Ya MALIRO ndinaipaka mtundu wofiira n'kuiika kutali pansi. Zinanditengera miyezi. Bana Mwape ankabwera Lachiwiri lililonse kudzayendera ngati insipekitala.

“Ukwati mwalemba na W zibili. Ku Katete sukulu yenze pansi pa mutengo, mutengo unagwa?”

“Unadyedwa ndi anyani ochokera kwanu.”

Ludzu langa lili ndi wotchi. Limafika fotini awazi. Ndiye nthawi imeneyo ndinaipatsa ntchito ina: kuphunzira kukwatitsa nyimbo. Pulogalamu imakuonetsa nambala ya kugunda kwa nyimbo iliyonse, kuti iyi ikuthamanga bwanji, iyo ikuthamanga bwanji. Ziwirizo zikasiyana n'kuzisakaniza, zimamveka ngati mahatchi akugwa pa masitepe. Pali batani lotchedwa sinki, osati yotsukira mbale, limene limazilinganiza lokha. Ndi labwino, ndimaligwiritsa ntchito pa phwando. Koma kunyumba ndinkalikana dala. Ndinkafuna kulinganiza ndi dzanja, khutu limodzi mu hedifoni, lina ku sipika, kuwerenga wani, thu, fili, folo, kuchedwetsa iyi pang'ono, kukankha iyo pang'ono, mpaka ng'oma ziwiri zigunde ngati imodzi. Kenako kutsetsereka nako kabatani ka pakati, pang'onopang'ono, kuti wovina asadziwe pamene nyimbo yasinthira. Dzanja lonjenjemera silingathe zimenezo. Laputopu inakhala polisi wanga. Ikamveka mahatchi, ndiye kuti zinthu sizili bwino. Ndikadzutsa mutu, sikisitini awazi yakwana, ludzu ladutsa.

Ndinagwa kamodzi, mwezi wachitatu. Mnzanga wakale anandipeza pa siteshoni ya basi, ndipo ulemu wanga uja wosakana mphatso unabwerera. Mawa lake ndinauza abusa, ndinauzanso bana Mwape. Ndinkayembekeza mwano. Anangoti, “Bwelelani pa Tilaki Wanu, muyambe futi kupenda.” N'chifukwa chake ndati chaka ndi miyezi itatu. Ikanakhala isanu ndi umodzi, koma pano sitinama.

Ndinapita kwa mwana wanga ku Chelstone kukapepesa. Esinati anatuluka, mimba itakula, anaima m'kati mwa geti, ine kunja. Ndinamuuza kuti ndamvera nyimbo ija yonse. Ndinamuuza zimene ndinamva. Sindinanene nthabwala ngakhale imodzi, ndipo amene mumandidziwa mukudziwa kuti chimenecho ndi chozizwitsa choposa kusiya mowa. Anamvetsera mpaka kumapeto.

“Namvela, ba Dijeyi,” anatero, n'kutseka geti.

Mwana anabadwa, wamkazi. Ndinamuona pa foni ya bana Mwape basi.

Ntchito zinayamba kubwerera pang'onopang'ono. Yoyamba inali khichini pate ku Libala, kumene dijeyi wamwamuna amamubisa kuseri kwa chitenje kuti asaone zimene azimayi akuphunzitsa mkwati. Mayi wina analowetsa dzanja pansi pa chitenje n'kuika botolo pambali pa sipika. Ndinalibweza ndi phazi, ndinati mundipatse maheu. Lamulo langa pa tebulo tsopano ndi limodzi: palibe chopita kwa anthu chisanadutse m'makutu mwanga. Ngakhale mwini phwando abwere ndi fulashi akuthamanga, kuti ikani iyi msangamsanga, ndimati dikirani, ndimve kaye. Abusa akuti lamulo limeneli ndiliyesenso pakamwa panga. Tikuyesa. Pakamwa palibe chingwe cha mphanda.

Mwezi watha mdzukulu wanga anakwanitsa chaka. Phwando linali Lamlungu masana pa yadi ya bana Mwape ku Woodlands. Anandiitana kuti ndikalize. Ndinafunsa ngati Esinati akudziwa.

“Aziba. Sanakondwele. Koma pa yadi panga nilamulila ine. Musambe, elo osabwela na mbeba mu tumba.”

Ndinaika tebulo langa pansi pa mtengo wa mapeyala, kutali ndi anthu. Ndinaliza za ana, ndinaliza makwaya a Aseventi, ndinazisankha bwinobwino moti agogo ena anagwedeza phewa mwangozi n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wina waona. Zonsezo zinkalira pa mbale ya kumanzere, ina ikatha ndiponyepo ina. Pa mbale ya kumanja ndinali nditaika nyimbo imodzi, itaima pa chiyambi, kabatani ka pakati kali kutali nayo. Dzina lake pa sikirini: KULOWA KWA ESINATI. Ija ya masabata asanu ndi limodzi, imene sinalirepo.

Chapakati pa phwando ndinaona Esinati akubwera, mwana ali m'chiuno. Anaima pafupi kwambiri, kuposa mmene munthu amaimira pofuna kulankhula. Ndinadziwa kuti akununkhiza. Ndinapuma bwinobwino kuti amve. Maso ake anali pa laputopu, ndipo ndinaona kuti akuopa. Tsiku lonse anali akudikira kuti ndiwononge.

“Ba Dijeyi, yamene ibwela ni nyimbo bwanji?”

Ndinavula mahedifoni, ndinamupatsa. Anazengereza, kenako anavala. Ndinadina kabatani ka pansi pa mbale ya kumanja, n'kuyambitsa.

Pa yadi anthu ankamva kwaya. Iye yekha ankamva inayo. Mwana anagwira chingwe n'kuyamba kuchiluma. Ndinayang'ana pansi, ndipo ndinaona phazi la Esinati, la kumanzere, likupita kutsogolo kamodzi, kubwerera, kupita pambali. Phazi linali likukumbuka. Nkhope sinasinthe.

Anavula.

“Siituluka pokhapokha iwe utanena,” ndinatero. “Kaya lero, kaya chaka chamawa, kaya osatuluka n'komwe. Ndi yako.”

Anayang'ana dzina lija pa sikirini.

“Osati lelo.”

“Chabwino.”

Anachotsa chingwe m'kamwa mwa mwana, anatembenuka, anapita. Ndinaimitsa mbale ya kumanja, ndinaibwezera pa chiyambi. Ndinati basi, ndayesa. Ndinawerama kufunafuna kwaya ina.

Nditadzutsa mutu anali atabwerera. Mwana anali atamusiya kwa bambo ake. Dzanja limodzi anagwira mbale ya mpunga ndi nkhuku, lina akukoka mpando wa pulasitiki. Anauika kumbuyo kwanga.

“Ba dadi,” anatero, “nkalani pansi. Mudye.”

Abale, mawu ake ndi omwe aja. Ndawamvera mu mahedifoni kambirimbiri, ndimawadziwa mpaka popumira. Koma ulendo uno sananong'one.

Ndinakhala pansi. Kwaya ya kumanzere inatha, ine mpunga uli m'kamwa, ndipo pa yadi panagwa zii. Dijeyi wa zaka zonsezi kusiya phwando lopanda nyimbo! Bana Mwape anakuwa kuchokera pakhonde kuti akudya mbewa agona pa ntchito. Esinati anawayankha kuti awasiye bambo ake adye.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Kunyumba kwake ku Chelstone sindinalowebe. Mdzukulu ndamunyamula kamodzi, mayi ake ataima pafupi ngati ndanyamula mazira a eni. Akandipatsa moni amayandikirabe kukamwa, ndipo ali ndi ufulu wotero.

Amene mukufuna pulogalamu ija, bwerani ndi laputopu Loweruka likudzali tikamaliza tiyi, ndikuonetsani. Ndi yaulere. Chingwe cha mphanda ndi chotchipa, chili m'tauni. Inu a kuchitseko, simufunika laputopu. Kunyumba kwanu kuli munthu amene anajambula zonse. Mufunseni akulizireni, ndipo muvale makutu mpaka kumapeto, osadumpha pa chotupa.

Nyimbo ya Esinati ndimaiika pa mbale ya kumanja phwando lililonse ndisanayambe, ndione kuti ilipo, kenako ndimaichotsa. Sanandiuzebe. Ndikudikira, ndipo manja sakunjenjemera.

Abusa, nayi maikolofoni yanu. Lembani penapake kuti lero ndabweza ndekha.